Zitini za a Zotsala

Anthu amawatcha a Zotsala, ndipo iwo amavomera. Dzinali analipeza pantchito. Ndi mmisiri wopenta nyumba, wa dzanja losanjenjemera, amene amadula mzere pakati pa khoma ndi siling'i osamata tepi. Koma akamaliza kupenta nyumba ya munthu, asanatsuke n'komwe maburashi, ankaloza chitini n'kufunsa mwaulemu kuti, "Nanga zotsalazi muzigwiritsa ntchito?" Ndani angakanize mmisiri penti wa pansi pa chitini? Basi ankamangirira chitinicho pakaliyala wa njinga, ulendo wa kunyumba.

Ndiye nyumba yawo inakhala chonchi. Pabalaza, khoma la kumsewu linali lachikasu, penti wotsala kusukulu ya mkaka. Khoma loyang'anana nalo linali labuluu, wa kushopu yometera. Kuchipinda kunali pinki wa amayi ena amene anasintha maganizo penti atagulidwa kale. Kubafa kunali mtundu umene ulibe dzina, chifukwa kumeneko n'kumene zotsala zinkakumana ndi zotsala zinzake. Khitchini yokha ndiyo inali ndi mtundu umodzi makoma onse, wobiriwira, chifukwa chaka china a kubanki anagula penti wochuluka kuposa makoma awo.

Tsono a Zotsala anakwatira telala. Tangoganizani, munthu amene ankatha kubweza kasitomala pakhomo chifukwa chobweretsa ulusi wosagwirizana ndi nsalu, n'kumagona m'chipinda cha pinki wa eni ake. Njinga ikangolira pageti, mayiwo ankasiya kupalasa makina, n'kuyang'ana chitini pamwamba pa magalasi.

"Wa ndani ameneyo?"

"Wa kwa adokotala a mano."

"Tsiku lina, abambo ake, ndidzasankha wanga ndekha."

"Penti ndi penti, amake mwana. Khoma silifunsa. Koma tidzaona mvula ikatha."

Mvula inatha, inabweranso, inathanso. Mwana wawo wamkazi anakula, anakwatiwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo a Zotsala analinda naye limodzi, osadandaula. Sanali munthu wouma mtima ayi. Ankawakonda akazi awo, ndiwo ankawatchinjiriza ku mphepo ndi jekete lawo, ndiwo ankathira mafuta makina osokera aja. Kungoti kuona penti wabwinobwino akuuma m'chitini kunkawawawa ngati akuona mwana akutaya chakudya.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina mayiwo akulowetsa ulusi pasingano, dzanja linangogwa. Sitiroko. Anabwerera kuchokera kuchipatala ali pachikuku, kampando ka matayala kaja, mbali ya kumanja yonse itafa, mawu atawatsalira ochepa: ee, ayi, madzi, ndi ena owerengeka amene ankatuluka akafuna okha. Chikuku chinakana kulowa pakhomo la kukhitchini. Mwana wawo uja, amene akamayamba kulankhula amakhala atamaliza kale kuganiza, anaitana amisiri n'kugwetsa khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza.

Fumbi litakhazikika, chikasu, buluu ndi wobiriwira zinangoti maso dwii kuyang'anizana, ngati achibale amene akumana pamlandu.

"Abambo," anatero mwanayo, "amayi azikhala pano tsiku lonse, ndipo chimene aziona ndi makomawa. Pano tsopano ndi chipinda chimodzi. Pakufunika mitundu iwiri yokha, yogwirizana, wina mbali yophikira, wina mbali yokhala. Ndipo asankhe ndi amayi."

"Zimenezo ndi zimene ndimauza makasitomala," anatero a Zotsala.

"Ndiye dziuzeni."

A Zotsala anayang'ana akazi awo, atakhala pakati pa chipinda chachikulucho, dzanja lakufa lili pamiyendo, ndipo anachita mantha. Mantha ake anali amodzi okha: kuti mayiwa angapite asanasankhe.

Anayamba ntchito mmene amayambira kulikonse. Lamulo lawo n'lakuti penti wauwisi amanama. Umapaka kachigamba pakhoma, n'kudikira kaume, n'kukaona m'mawa, n'kukaonanso dzuwa litapendeka, kenako ndiye n'kulankhula. Anatsegula kashedi kawo ka kuseri, mmene zitini zinasanjikizana mpaka kumalata, natulutsa chabwino koposa. Anachiika patsogolo pa chikuku, napaka kachigamba.

Mayiwo anayang'ana chitini. Milomo inavutika kanthawi.

"Wa ndani?"

A Zotsala anaika burashi pansi, chifukwa amenewa anali mawu atsopano. Anayankha mwamsanga, mosangalala, ndiponso moona. "Wa kwa aloya. Wodula ameneyu."

Mayiwo maso tsinzi.

Anabweretsa wina, wotuwirako. "Wa ndani?" Wa kuhotela. Tsinzi. Wina, wonga khungu la lalanje. Wa kuofesi ya madzi. Tsinzi. A Zotsala anaganiza kuti vuto ndi mtundu, ndipo pa nkhani ya mitundu sagonja msanga. Anasakaniza uyu ndi uyu, anathirako woyera, anafotokozera akazi awo mmene amafotokozera mabwana, kuti mtundu wozizira umafuna mnzake wofunda, kuti mbali ya zenera imanyamula mtundu wolemera. Mayiwo ankamvetsera maso ali chitsinzire. Masabata anapita. Khoma linadzaza zigamba kuyambira pansi mpaka pomwe dzanja limafika.

Mng'ono wa mayiwo, amene ankabwera kudzawasambitsa, anaima pakhomo tsiku lina n'kuyang'ana khomalo nthawi yaitali.

"Alamu, khomali latuluka zipere?"

"Tikusankha."

"Mukusankha kapena mukutsuka kushedi?"

A Zotsala sanamve chimene chinali m'mawuwo. Anachimva patapita masiku, masana ena, atagwada kutsogolo kwa chikuku ndi chitini china. Akazi awo sanatsinzine. Anatambasula dzanja lamanzere, nakanda ndi chikhadabo mzere wa penti wouma umene unayenderera m'mbali mwa chitinicho kalekale, kunyumba ya munthu wina. Anausenda pang'onopang'ono mpaka unachoka. Kenako anatenga dzanja la amuna awo, nalitembenuza, naika kachikhungu ka pentiko pachikhatho.

"Wa ndani?"

Ulendo uno a Zotsala anangokhala chigwadire, akuyang'ana kanthuko, manyazi atawagwira mpaka m'makutu.

M'mawa mwake anali oyamba kufika kusitolo ya penti. Anagula kachitini kakang'ono, katsopano, kabuluu wopepuka, kongoyesera. Wogulitsa, amene anawazolowera, anafunsa kuti ndi wa ntchito ya kuti.

"Wa kunyumba."

Wogulitsayo anaitana mnzake wa kumisomali kuti adzamve yekha.

Apa ndiye pamene a Zotsala analakwitsa mmene angalakwitsire iwo okha. Mmisiri weniweni satsegulira penti m'nyumba ya munthu. Amatsegulira panja, n'kuvundula ndi kamtengo, n'kuviika burashi, n'kuipukutira pamlomo pa chitini. Manja awo anachita zonsezi pakhonde, mutu usanafunsidwe. Pamene ankalowa m'nyumba, chitini chinali chotsegula, kamtengo kali m'kati, kamzere ka penti kakutsetsereka m'mbali.

"Wa ndani?"

"Wanu, amake mwana. Watsopano. Ndagula lero lomwe lino."

Mayiwo anayang'ana chivindikiro, anayang'ana kamzere kaja, kenako anatembenuzira nkhope kuzenera. A Zotsala analumbira. Anatchula malemu amayi awo. Koma munthu amene wakhala akubwera ndi zitini zotsegula moyo wake wonse, alumbire chiyani choti chimveke? Anakhala pansi pomwepo, kachitini kali pakati pa miyendo, ndipo anamva chisoni chimene sanamvepo ngakhale tsiku la kuchipatala lija.

Tsiku lotsatira anawaveka akazi awo juzi ndi nsapato, nakankha chikuku kutuluka pageti. Msewu wake ndi wa maenje, ndipo pena ankachita kutembenuza chikuku n'kumachikoka chobwerera. Pakhomo pa sitolo pali masitepe. Wogulitsa ndi wa kumisomali uja ananyamula chikuku mbali ino ndi ino, osafunsa kanthu, n'kukachiika pafupi ndi kauntala. Anabweretsa timakadi ta mitundu tomangidwa pamodzi ngati makiyi.

Mayiwo anayamba kutsegula ndi dzanja lamanzere. Kamodzikamodzi. Ena ankawadutsa osawayang'ana, ena ankawakweza kuti awaone powala, ngati mmene ankachitira ndi nsalu. Makasitomala analowa, anagula, anatuluka. A Zotsala anaima pambali, chipewa chili m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chala chinaima pa kakadi kena. Chinagogoda kawiri.

A Zotsala anawerama kuti aone, ndipo anaudziwa nthawi yomweyo. Diso lawo silinama. Unali wobiriwira wa kubanki uja. Osati wofanana nawo, osati mbale wake, koma womwewo, umene unali kale pamakoma a khitchini yawo kwa zaka zonsezi. Ndipo kushedi, kuseri kwa makwerero, kunali chitini chake, choposa theka, chotsekedwa bwino.

Pakamwa panatseguka pokha. Mawu anali atafika kale pamano: ameneyutu tili naye kunyumba. Wogulitsa anadikira. Mayiwo anakweza maso n'kuwayang'ana amuna awo, osaphethira.

A Zotsala anatseka pakamwa.

"Mutipatse chitini chachikulu," anatero. "Musatsegule."

Kenako mayiwo anawakankhira timakadi tija. Panali pakufunika mtundu wachiwiri, wa mbali yokhala. A Zotsala anagwira njakata. Anapenta masukulu, mabanki ndi nyumba zosanja, koma anali asanasankhepo mtundu chibadwire. Nthawi zonse ankasankha ndi mwini khoma. Anatembenuza timakadito, nakanda mutu, thukuta kamukamu. Pomaliza anatulutsa kena kofiirira pang'ono, ngati njerwa yosapsa bwino, nakagundanitsa ndi kobiriwira kaja.

"Uyu salimbana naye," anatero. "Amangokhala pambali n'kumusiya aoneke."

Atelala anayang'ana timakadi tiwirito nthawi yaitali ndithu.

"Ee."

Pobwerera, chitini chobiriwira chinakwera pamiyendo pa mwini wake, dzanja lamanzere litachikumbatira, chofiirira chija chikulendewera kumbuyo kwa chikuku. Atafika, a Zotsala anaphwanya lamulo lawo lija losatsegulira penti m'nyumba. Anayala manyuzipepala pakati pa nyumba, nagwira chitini ndi manja awiri, napatsa akazi awo sikuludilaiva. Ndi dzanja limodzi, lamanzere, ntchito ya kanthawi kochepa inatenga nthawi yophika nyemba. Sanawathandize. Chivindikiro chitati phoo, fungo linadzaza nyumba, ndipo mayiwo anapuma mozama, maso ali otsegula.

Anapala zigamba zija, napaka woyera wapansi, napenta mbali yokhala. Kenako anapenta wobiriwira pamwamba pa wobiriwira, kawiri, mosamala ngati akupenta nyumba ya bwana wamkulu. Pamene panali khoma logwetsedwa lija, mitundu iwiriyo inakumana pamzere wowongoka umene anadula ndi dzanja.

Mwana wawo atabwera anayamikira mbali yokhala, nati tsopano pakuoneka ngati pakhala anthu. Kenako anayang'ana mbali yophikira.

"Nanga uku muyamba liti, abambo?"

"Ndamaliza."

Mwanayo anayang'ana khoma, anayang'ana bambo ake, nafuna kunena kanthu. Koma anaona mmene amayi ake ankaliyang'anira khomalo, ndipo kwa nthawi yoyamba pamoyo wake anasunga maganizo ake.

Penti wobiriwira uja anatsalako, pafupifupi chala chimodzi pansi pa chitini. A Zotsala anatseka chivindikiro, nachikhoma ndi chigwiriro cha burashi, nanyamula chitinicho kulowera kukhomo la kuseri, kushedi. Atafika pakati pa chipinda anaima. Anabwerera, navula chipewa, naima kutsogolo kwa chikuku mmene amaimira kutsogolo kwa mwini nyumba aliyense ntchito ikatha.

"Nanga zotsalazi muzigwiritsa ntchito?"

Pa zaka zonse za umisiri wawo, palibe anali atawakanizapo. Mayiwo anatambasula dzanja, nakoka chitinicho, nachikhazika pamiyendo pawo.

"Wanga," anatero.

Chitinicho chili pansi pa makina osokera mpaka lero, ndipo a Zotsala akamasesa amachizungulira.