Jumbo Imabwera Pomaliza

Kuchipinda chathu cholandirira odwala mwadzidzidzi kuli chitseko chodzitsekera chokha, ndipo kunja kwake kuli benchi yaitali yotha utoto. Ife anamwino timadziwa zamkati. Zapabenchi amazidziwa ndi mayi wina wokolopa amene tonse timangoti Anamopu. Dzinali anawapatsa ndi dokotala wina wanthabwala, iwo n'kulilandira ngati lakumtundu.

Ndi mayi wamfupi, wamawondo odandaula, ndipo akolopa simenti yomweyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nditangoyamba ntchito ankanditopetsa kwabasi. Iwe uli kalikiliki kufunafuna mtsempha woti ubaye diripi, iwo ali pambali pako ndi ndowa yawo, ati akawauze chiyani anthu apanjawo. Tsiku lina ndinawazazira kuti ntchito yawo ndi yapansi, osati yapakamwa. Anangoti chabwino, n'kuima pomwepo mpaka ndinawayankha.

Munthu akafika atavulala, zovala timazidula ndi sizasi n'kuziponya m'jumbo pamodzi ndi nsapato, lamba ndi foni. Jumboyo imayenera kupita kwa abale, koma Anamopu salola wina kuitulutsa. Amaibisa kumbuyo, n'kukankha chitseko ndi phewa, ndipo liwu loyamba limakhala lomwelomwelo: "Akupuma." Akatero m'pamene amafotokoza zimene tawauza, kaya adokotala akusoka bala, kaya tikudikira magazi, n'kulonjeza kuti abweranso pakatha theka la ola. Amabweradi, ngakhale pasakhale chatsopano. Jumbo amapereka pomaliza, atatha kunena mawu awo. Zikavuta, uthenga amanena ndi adokotala, iwo amangokhala pabenchipo phewa ndi phewa ndi woferedwayo, mopu ili chiimire pakhoma.

Chifukwa chake anandiuza masana ena tikumwa tiyi m'kachipinda kosungira zofunda. Amuna awo anali okhoma malata, ndipo anagwa padenga mwana wawo woyamba akadali kumsana. Pachipatala chimene anathamangira nawo, namwino anatuluka n'kuwapatsira nsapato ndi lamba osanena kanthu, n'kubwerera mkati. Kwa munthu amene sanalowepo m'chipatala, nsapato za mwamuna wako m'manja zimatanthauza chinthu chimodzi basi. Analira, n'kunyamuka wapansi kukauza apongozi za maliro. Pobwerera anamva kuti bamboyo anakhala moyo maola atatu, akufunsa aliyense wodutsa kuti mkazi wanga ali kuti.

"Sanandinamize ayi," anatero akupukuta kapu. "Anangokhala chete."

Ndinachita manyazi mpaka tiyi anandiwawa. Kuyambira tsikulo ndimawayankha asanafunse.

Chaka chatha, Lachiwiri lina mmawa, machira analowa ndi bambo anga, mtima utawagwira ali pokwerera basi. Anzanga ananditulutsa, ati mwana sagwira ntchito yotereyi pa bambo ake. Ndinakakhala pabenchi ija ndi yunifolomu yanga, pakati pa agogo ena ndi mayi wa mwana wopsa ndi madzi otentha. Benchiyo ndi yolimba, ndipo chitseko chija n'chankhanza ukachionera kunja. Zonse zimene ndinaphunzira sizinandithandize. Ndinkangoyang'ana manja a aliyense wotuluka.

Ulendo woyamba Anamopu anabwera manja ali kumbuyo. Akupuma, anatero, n'kundipatsa jumbo. Ndinaikumbatira ngati khanda, fungo la sopo wa bambo likumveka m'malaya odulidwawo.

Ulendo wachiwiri theka la ola linali lisanakwane. Anatuluka chimanjamanja, mopu ataisiya kaya kuti, n'kundigwira pamkono.

"Mwanawe, dzuka. Akupumabe, koma lowa tsopano lino."

Sananditchule kuti asisitala monga mwa masiku onse. Ndinamva pambuyo pake kuti anaima pamaso pa adokotala, monga amaimira ndi ndowa yawo, mpaka analoledwa kudzanditenga.

Ndinawapeza bambo maso ali otsegula. Anandizindikira, n'kundifunsa monong'ona ngati ndadya. Ndinanama kuti inde. Ndinagwira dzanja lawo kwa mphindi mwina khumi, ndipo anapita ndili pomwepo.

Nditatuluka ndinapeza Anamopu atakhala pamalo anga pabenchi, jumbo ya bambo ili pamiyendo pawo, nsapato zija ataziika bwinobwino pamwamba.

"Munawapeza?" anafunsa.

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anatseka maso n'kupumira m'mwamba, ndipo woyamba kulira anali iwo, osati ine.