Waya wa Che Sidik

Che Sidik anabadwira ku Chikweo, koma amagwira ntchito pa Nsanama, m'kashedi kamalata kuseri kwa msika. Amakulunga waya wa mota zopsa: za zigayo, za mapampu, za mafani. Lusoli anaphunzira kwa amalume awo ku Balaka, ndipo ndi munthu wosakonda zoyankhulayankhula.

Chaka chatha kunabwera a Raymond, wojambula mavidiyo a maukwati wa ku Liwonde. Anatulutsa m'chikwama dironi, kandege ka kamera kouluka kopanda munthu. Mwa timota take tinayi, tiwiri tinali titapsa.

"Ku Blantyre akuti nditaye," anatero a Raymond. "Inu mungathe?"

Che Sidik anatsegula kamota kamodzi. Kanali kakang'ono ngati chitsekerero cha botolo, kopanda makaboni, tizidutswa takuda tija timene timaperepeseka m'mota zina. Maginito ndiwo ankazungulira kunja, waya uli phee mkati. Kanawasangalatsa. Anatha masiku anayi akukulunga waya woonda ngati tsitsi, ndipo dironi itanyamuka pabwalo la mpira, anthu anawaona akumwetulira.

Patapita milungu itatu, mwana wawo Shamim, wokwatiwa kwa Kawinga, anafika kushedi osapereka moni. Anangowapatsa foni. Munali vidiyo imene inali itazungulira kale: azimayi akusamba kumtsinje, ojambulidwa kuchokera m'mwamba.

"Ine ndili momwemo, ababa," anatero Shamim. "Tinamva kulira ngati njuchi, tinkati ndi anthu oyeza minda."

Che Sidik anabweza foniyo asanamalize kuonera. Anatuluka n'kukalavula kuseri kwa shedi. Tsiku limenelo sanadye, ankangoyang'ana zala zawo ngati zagwira chonyansa.

Lolemba a Raymond anabweranso, kamota kachitatu katapsa.

"Za kumtsinje zija munajambula ndinu?" anafunsa Che Sidik.

A Raymond anaseka. "Zocheza zija, bambo. Anzanga ankafuna kuona ngati kamera ikukoka patali. Nkhope sizikuoneka bwinobwino iyayi."

Che Sidik anatenga dironi ija, namasula timota tiwiri timene anakonza, nayamba kudula waya ndi pulayala, a Raymond akukuwa. Atamaliza anakankhira zotsalazo kwa mwini wake.

"Waya uyu ndi wanga. Izi ndi zanu."

"Ndikakunenezani kupolisi!"

"Tiyeni limodzi. Azimayi aja ali komweko chiyambire m'mawa."

A Raymond anakwera njinga yamoto n'kulowera cha ku Liwonde. Anagwidwa patapita masiku awiri, koma vidiyo ija sinafufutike m'mafoni a anthu. Ena amene Che Sidik amapemphera nawo anali ataionera, n'kutumiziranso anzawo. Zimenezi zinawanyansa kuposa za a Raymond, moti makasitomala atatu a m'gulu limeneli anauzidwa kuti mota zawo azipita nazo kwina. Shamim analeka kupita kumtsinje, amatunga madzi pa mjigo n'kukasamba kunyumba.

Mwezi watha kunabwera a Wadson, a bungwe lina lotumiza mankhwala ku zipatala zakutali, ndi mota ya dironi yawo. Che Sidik anawafunsa kumene imauluka, amene amaiyendetsa, ndiponso ngati ili ndi kamera. A Wadson anayankha zonse mofatsa. Che Sidik anati motayo itsale, ayambe aganiza. Anaikonza patatha sabata.