Tsiku Limene Ndinadyetsa Mtengo Shuga

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti lalanje ndi ndimu lomwe linakulira pabwino. Ndinkati mtengo wake ndi umodzimodzi, kungoti wina amaudyetsa shuga, wina amausiya ndi njala. Sekani, palibe mlandu. Inunso amene munafika ku sekondale munali ndi uchitsiru wanu, kungoti mumaubisa. Ine sukulu tinasiyana nayo mwamtendere ndili Sitandade 4, ndiye ndilibe satifiketi yoti ndiichititse manyazi.

Amene anandiika zimenezi m'mutu ndi amalume anga a Filipo, omwe ankagwira ntchito m'munda wa zipatso ku mishoni ku Mua. Tsiku lina anatulutsa lalanje m'thumba la malaya nandigawira. Ndinafunsa kuti bwanji mandimu a pakhomo pathu amawawasa mpaka kutseketsa diso, pomwe ichi chikutsekemera chonchi.

"Iwe mphwanga, sudziwa?" anatero amalume, nkhope ili gwa. "Ansembe amathira shuga patsinde. Ukuganiza kuti matumba onse amatsika pa sitima aja amathera mu tiyi?"

Ndinameza lalanjelo pamodzi ndi bodzalo.

Chaka chomwecho achemwali anga a Sisiliya anapeza mnyamata wa ku Golomoti. Akwawo anatumiza uthenga kuti abwera Loweruka kudzakambirana ndi amalume, komanso kudzaona pakhomo. Paja kwathu kuno mwamuna ndiye amasamuka kukakhala kwa mkazi, ndiye abale ake amafuna aone kumene mwana wawo akukagwera. Pakhomo pathu panalibe choti munthu n'kuonera. Bambo anali atapita ku Joni ine ndikukwawa, osabwerako, osalemba. Nkhokwe inali yaing'ono, mbuzi zinali ziwiri, imodzi yotsimphina. Ndiye panamveka kuti pa gulu la alendowo padzakhala azakhali ake a mnyamatayo, mayi amene anali atakana kale mudzi wina chifukwa anawapatsa madzi m'chikho chakuda. A Sisiliya atamva zimenezo anasiya kudya.

Amayi anali ndi chida chimodzi. Ali mtsikana ankachapa zovala kwa asisitere, ndipo kumeneko anaphunzira kukonza madzi a mandimu. Thobwa aliyense amaphika, iwo ankatero, koma munthu amene wayenda pansi kuchokera ku Golomoti, dzuwa la kuchigwa kuno likumuwotcha pamutu, ukamupatsa madzi ozizira a mandimu sakuiwala. Anagulitsa mtedza, nayenda mpaka ku Mtakataka kukagula shuga, namuthira m'chitini n'kuchibisa kudenga. Mumtengo wa kuseri kwa khitchini munali mutatsala mandimu omalizira, ndipo analamula kuti aliyense wothyola adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala.

Apa m'pamene nzeru zanga zinayamba kugwira ntchito. Ndinaganiza kuti shuga wa m'chitini ndi wa tsiku limodzi, koma shuga wa mumtengo ndi wa moyo wonse. Alendo adzangothyola okha n'kumadya, azakhali aja adzapukusa mutu pogoma, ndipo dzina la Damiyano lidzamveka mpaka ku Golomoti. Amayi atapita kudimba ndinakwera pa mtondo, ndinatsitsa chitini, ndinakumba patsinde, n'kukhuthula yense. Ndinangonyambita pang'ono, malipiro a ntchito. Ndinathira madzi, n'kukwirira bwinobwino, chitini n'kuchibwezera kudenga.

M'mawa uliwonse ndinkapita kukayesa. Anatiletsa kuthyola, koma za kuluma sananenepo, ndiye ndinkaluma ndimu lili mumtengo momwemo. Linali lowawasabe. Ndinkadziuza kuti shugayo akukwera, wangofika m'chiuno.

Loweruka m'mawa amayi anasesa pabwalo, natsuka makapu a malata ndi phulusa mpaka kuwala. Atatsitsa chitini anachigwedeza, nachitsegula, nasuzumiramo nthawi yaitali ngati mwina shugayo wabisala pakona. Sanafunse munthu. Nyerere ndi zomwe zinandiulula. Zinali zitapanga msewu kuchokera patsinde pa mtengo mpaka kutchire, iliyonse itasenza kake.

"Damiyano."

"Wawa, amayi."

"Shuga wanga akutani m'dothi?"

"Akukwera, amayi. Mawa mandimu akhala malalanje."

Ndinayembekeza mthiko. M'malo mwake amayi anakhala pansi, pa dothi penipeni, chitenje chawo cha kutchalitchi chili m'chiuno, nagwira tsaya. A Sisiliya analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akulira motsitsa. Ndakwapulidwapo kambiri pa moyo wanga, kwina kondiyenera, koma palibe chikwapu chinandipweteka ngati kuona amayi atakhala pansi paja.

Nthawi yomweyo amalume anatulukira atavala jekete la ankhoswe. Atamva nkhaniyo anayamba kuseka, koma anasekera theka, ataona maso a mlongo wawo.

"Achimwene," anatero amayi, "mbewu yanu ija yamera. Bwerani mudzakolole."

"Ine ndinkangocheza naye mwanayu."

"Chabwino. Pakamwa panupo ndi pomwe patilakwira, ndiye patipulumutsenso pomwepo. Alendo akafika muwakhazike pansi pa mango, muwagwire ndi nkhani mpaka nditakukodolani. Iwe, tenga chikwanje uthamangire kudimba. Nzimbe zakupsa, zofiira zija. Ukagwa m'njira, ukagwe chothamanga."

Ku Mtakataka kunali kutali, ndipo mtedza wina wogulitsa panalibe. Ndinabwerako nzimbe zili paphewa, alendo atakhala kale pamphasa. Ndinazembera kuseri. Amayi anasenda nzimbezo, naziduladula, n'kuziponya mumtondo wotsukatsuka.

"Sinja."

Amene simunasinjepo nzimbe, musayese. Chimanga chimagonja, nzimbe zimabwezera. Munsi unkadumpha, madzi ankandithovukira m'maso, njuchi zinabwera kudzayendera ntchito. Zikaphwanyika, amayi ankaziika mu mpango watsopano wa a Sisiliya, tonse awiri n'kumapotokola, wina uku wina uku, madzi obiriwira akudontha m'mbale yadothi. Kenako mumtondo zina. Matuza anatuluka m'manja, naphulika, ndipo pamenepo m'pamene amayi anandipatsa mandimu.

"Uligubuduze kaye ndi chikhatho pa thabwa mpaka lifewe. Pofinya usalimbane nalo, khoko likalira madzi onse awawa. Njere uchotse."

Madzi a ndimu pa tuza lophulika, abale anga, ndi ulaliki wosafuna womasulira.

Uku amalume anali pa ntchito yawo. Ndinkawamva akufunsa moyo wa munthu aliyense wa ku Golomoti, mmodzimmodzi, mpaka ana a m'mimba. Atatha anthu anafunsa za mbuzi. Atatha mbuzi anayamba nkhani ya thonje, kenako ya ng'ona ina imene akuti inkadikira sitima pa mlatho. Azakhali aja anatsokomola kawiri, chifuwa cha ludzu, amalume n'kufunsanso za chifuwacho, kuti chinayamba liti, ndipo kwawo alipo wina anadwalapo chotere.

Amayi anatunga madzi mumtsuko umene anaukulunga ndi chiguduli chonyowa chigonere, ozizira mpaka kugwira mano. Anasakaniza ndi mandimu aja, nathira madzi a nzimbe pang'onopang'ono, akulawa, akuthira, akulawanso. Pomaliza anatsina kamchere n'kuponyamo. Mtundu wake sunali woyera ngati wa kwa asisitere, unali ngati madzi a m'dambo. Amayi anauyang'ana, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Samba kumaso. Ukapereka ndiwe."

Ndinagwada pamaso pa azakhali aja, kapu ili m'manja awiri. Anali mayi wamtali, wa mphini m'masaya. Kumbuyo kwawo kunali kamtsikana, mwana wa mnansi wawo, komwe kanawanyamulira dengu la nkhuku, kakundiyang'ana n'kumabisa mano. Azakhaliwo anasuzumira m'kapu. Ananunkhiza. Anamwa pang'ono. Kenako anapendeketsa mutu n'kugugudiza yonse.

"Alipo ena?"

Anamwa makapu atatu. Nkhani ya ukwati inatha dzuwa lisanapendeke, ndipo alamu anga anadzamanga nyumba pafupi ndi mtengo womwe uja, nakalambira pomwepo.

Alendo atapita amayi anandidzoza mafuta a nsatsi m'manja. Sanakalipe. Anangoti, "Wamva mmene shuga amapwetekera? Uja unakwirira uja anali mtedza wanga wa chaka chonse." Kenako anawonjeza kuti, "Ndipo munthu akakuuza chinthu chokoma kwambiri, uziyamba wamuyang'ana ngati akudya yekha." Amalume anakhala ngati sakumva, akutafuna zotsala za nzimbe.

Ndakula tsopano, mano otafunira nzimbe anatha. Chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti ndimu silisintha mtundu chifukwa choti walinyengerera. Umalitenga ndi kuwawasa kwake, n'kuvutikira ndi manja ako chomwe ulisakanize nacho. Ndaona anthu ambiri akukwirira shuga wawo patsinde, wina pa mowa, wina pa malonjezo a anthu a makampeni, n'kumapita m'mawa uliwonse kukaluma. Sindiwaseka kwambiri. Ndimangowaseka pang'ono, monga mnzawo wa kalasi imodzi.

Kamtsikana ka dengu la nkhuku kaja ndi kamene kanadzandisamutsa. Patapita zaka ndinakakhala mkamwini ku Golomoti, ndipo ndi Nankhoma wangayo takalamba limodzi. Mwezi wathawu adzukulu anabwera kutchuthi kuchokera ku Lilongwe, akulira zakumwa za m'botolo. Ndinawatuma kukathyola mandimu, ndinawaonetsa kugubuduza ndi kufinya, kamchere osaiwala. Shuga anali wa m'paketi, poti msana wanga ndi munsi zinasudzulana. Akumwa, ndinawafotokozera nkhani yonseyi, n'kumaliza modzitama kuti alendo aja anapita osadziwa kanthu, ndipo azakhali aja analowa m'manda akuganiza kuti anamwa shuga wa kusitolo. Agogo awo aakazi ankangosenda mtedza.

Usiku umenewo, ana atagona, Nankhoma anatembenuka nati, "Bambo a Rozina, zaka zonsezi ndakusiyani muzinama, koma ana aja musawapusitse. Mukuti sitinadziwe? Munabwera ndi kapu mutu wonse uli zinyenyeswa za nzimbe, njuchi zikukulondolani ngati mfumu yawo. Pobwerera, titafika pa njanji, azakhali aja anaima nati, 'Pakhomo paja shuga anawathawa, koma sitinamwe zowawasa. Mwana wathu akakhale kumeneko, sakagona ndi njala.' Tsopano sunthani, mwagonera chitenje changa."