Maumboni a M'kompyuta ya a Vitus

A Vitus Mbewe anabadwira ku Chiosya, ndipo kutayipa anaphunzira kwa ansembe ku Kachebere. Anali munthu wosalankhulalankhula, wamakani pang'ono. Mu 2003 anali ndi kachipinda pafupi ndi boda ya Mchinji, momwe ankalembera anthu makalata pa kompyuta yakale imene wansembe wina anawasiyira.

Chaka chimenecho tenanti wina, Enoki, anafera pa esiteti ina ya fodya. Kapitawo wake, Laston, anamumenya ndi mpini wa khasu pakhomo pa chigafa mpaka mutu kusweka. Atenanti asanu ndi awiri anabwera kwa a Vitus mmodzimmodzi kudzalembetsa zimene anaona, kuti zipite kwa loya ku Lilongwe. Sabata isanathe, onse anakwezedwa lole n'kubwezedwa kwawo kummwera. Printa inali itatha inki, choncho mawu awo anatsala m'kompyutamo basi.

Masiku omwewo hadidisiki, kachitsulo kosunga zolemba, inayamba kulira kuti tche, tche, makina n'kumazima okha. A Vitus anaitanitsa madisiketi ku Chipata oti akoperemo, koma anachedwa kufika.

Lachinayi masana Laston analowa ndi anzake awiri.

"Ndiwe mlembi wa anthu abodza aja?"

"Ndimalemba zimene munthu wanena, bambo. Khalani pansi, nanunso munene zanu."

Laston anawamenya chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwera pansi. Anzake aja anawapanikizira dzanja lamanja patebulo, iye n'kulitsitsira mpini katatu. Kenako anatembenukira sikirini.

"Mawu aja amakhala umu, eti? Awerenge tsopano!"

Anaiswa magalasi kuti mbwee. Bokosi la kompyuta losunga mawuwo, lomwe linali pansi pa tebulo, anangolikankha ndi phazi, poliyesa la magetsi, n'kutuluka.

Mayi Agnes Zulu, omwe ankakonza mapepala a malole khomo loyandikana, anathamangira komweko.

"Achimwene, magazi onsewa! Tiyeni kuchipatala."

"Chipatala chindidikira, mayi. Ichi sichidikira. Ndibwerekeni sikirini yanu ndi disiketi."

Makina anayaka ulendo wachitatu. A Vitus anakopera ndi chala chimodzi cha kumanzere, magazi akudonthera pamabatani. Maumboni asanu analowa. Pa wachisanu ndi chimodzi hadidisiki inalira kamodzi n'kukhala chete, ndipo ngakhale okonza a ku Lilongwe inawakanika.

Pa awiri otayikawo panali wa Tabeth, mkazi wa Enoki. Loya anati asanu enawo anafika Enoki atagwa kale. Woona mpini ukutsika anali Tabeth yekha, ndipo popanda iye mlandu sukanaima.

A Vitus anakwera basi ya ku Phalombe, kwawo kwa Tabeth, dzanja lili m'pulasitala. Mudzi wa mayiyo sankaudziwa, ankangokumbukira kuti anatchula za kwaya. Anayenda tchalitchi ndi tchalitchi, n'kumupeza tsiku lachisanu ndi chinayi akupalira nandolo.

"Zonse zija ndinenenso?" Tabeth anafunsa.

"Pepani, mayi. Zonse."

Analemba ndi bolopeni, dzanja lamanzere, makope atatu, Tabeth n'kudinda chala pa lililonse. Limodzi linatsala kutchalitchi kwawoko. Patapita zaka ziwiri, Tabeth anaima yekha m'khoti n'kuloza Laston, amene anagamulidwa kukhala m'ndende zaka khumi ndi ziwiri. A Vitus sanapiteko. Tsiku limenelo ankatayipa kalata ya munthu wofunsira ntchito ya ulonda.