Chilombo Chimene Ndinasungira Achimwene

Ndikukumbukira tsiku limene ndinagwira padi koyamba, kachipangizo ka mabatani koyendetsera munthu wa mu gemu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Msilikali wanga wa lupanga ndi chishango anafika pamene panakhala nkhalamba ina ikuotha moto. Ine ndinaleredwa bwino, munthu wamkulu sindimudutsa osapereka moni. Ndinadina batani limene ndinkayesa kuti ndi la moni, ndipo lupanga linatera pamutu pa nkhalambayo. Inadzuka, inandithamangitsa mpaka kuphompho, ndinagwa n'kufa. Onse m'shedi ya Che Bwanali anafa nacho chiseko. Achimwene anga a Sumani anaseka mpaka kutsokomola.

"Twaibu, moni wotere usakapereke kwa amalume," anatero.

Che Bwanali anabwera nayo gemuyo kuchokera ku Joni, n'kuiika m'shedi yamalata pa Kachulu, pafupi ndi poyanika matemba. Inkayendera batire ya galimoto yotchaja ndi sola. M'katimo munkanunkha nsomba ndi thukuta, masana malata ankatiwamba ngati milamba, koma palibe ankatuluka. Inali gemu yankhanza. Ukangophethira pang'ono, wafa, ubwerere kumene unayambira. Ine ndi achimwene tinali ndi malo athu pa kadi yosungira ulendo, ndipo tinagawana ntchito: iwo kumenya, ine kuyenda. Ndinkakonda kusuzumira m'mapanga, kutsegula zitseko zadzimbiri ndi kuwerenga mawu olembedwa pamiyala. Chingerezi changa chinali chotola m'nyuzi zokulungira zitumbuwa, choncho pamene sindinamve ndinkangopeka, achimwene n'kumagwedeza mutu ngati akumvera ahedi.

Tinayenda bwino mpaka tinafika pa mlatho wautali. Pakati pake panaima chilombo cha miyendo ya nkhanu, chokoka unyolo. Chinkatipha m'mawa, chinkatipha madzulo. Achimwene ankayesa kugubuduka, kubisala kuseri kwa chishango, kuchizemba kumbuyo, koma unyolo uja unkawapeza basi. Ulendo wina anachisiya chitatsala ndi kamoyo kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo anatuluka panja kukakalipira mbuzi.

Chaka chimenecho nyanja inaphwa. Mabwato anagona pamatope ong'aluka, ndipo anyamata anayamba kusowa mmodzimmodzi. Achimwene nawo anamanga chikwama cha ku Joni. Tsiku loti akwera minibasi mawa lake, anandigwira phewa m'shedimo.

"Chimenechi undisungire. Usachiphe wekha. Ndikadzabwera tidzachimalize tonse."

Anauzanso Che Bwanali, ndipo iwo anaika dzanja pachifuwa. "Walahi, malo anuwa palibe adzawakhudze."

Ndinasunga. Miyezi inadutsa ine ndikungoyenda tsidya lino la mlatho. Ndinalowa phanga lililonse, ndinatsika chitsime chimene aliyense ankachiopa, ndinapeza nsalu yofiira n'kumuveka msilikali wathu kuti achimwene adzaone. Ndikafika pa mlatho ndinkangochiyang'ana chilombocho, n'kubwerera. Anzanga ankakuwa kuti, "Twaibu wapita kukapereka moni!" Ndinkangomeza. Chala changa chinkayabwa, pakuti pa nthawiyo ndinali nditaphunzira kumenya, ndipo mwina ndikanachigwetsa. Sindinayese n'kamodzi komwe.

Masana ena ndikuchokera kumjigo ndinamva phokoso m'shedimo. Ndinasiya chigubu panjira n'kulowa. Pabenchi yakutsogolo panakhala mnyamata wa nsapato zoyera, Juniya, mwana wa bambo wina wa ku Zomba amene ankagula mpunga kwa Che Bwanali. Ndinayang'ana pa kanema. Msilikali wa nsalu yofiira anali pakati pa mlatho.

"Che Bwanali, malo athu amenewo!"

"Takhala pansi iwe. Sukuona mlendo akusewera?"

"Koma munalumbira!"

Sanatembenuke n'komwe. Juniya ankatafuna chingamu. Msilikali uja anagubuduka pansi pa unyolo, n'kubaya, n'kugubudukanso, ngati munthu wosenda chinangwa. Ndisanadutse miyendo ya anthu kuti ndimufike, chilombo chinagwada, chinalira, chinasanduka phulusa. Gemu imeneyo imasunga yokha zimene zachitika, ndipo chafa sichidzukanso. Anzanga aja, amene ankadziwa bwino lomwe za lonjezo langa, anaomba m'manja.

"Chimenechi ndiye chimakuvutani?" anatero Juniya. "Kwathu timachipha tikudya tchipisi."

Ndinazula mawaya pa batire, kanema anada bii. Kenako ndinamulumphira Juniya. Ndiyenera kunena zoona kuti msilikali wanga ankamenya bwino kuposa ine, chifukwa chibakera changa choyamba chinatera pa benchi. Tinagubudukira panja, m'fumbi, ine ndikulira ndi kutukwana m'zinenero zonse za ku Kachulu. Che Bwanali anandinyamula pa kolala ngati kamphaka n'kundiponya kumsewu.

"Usadzapondenso muno! Mkulu wako ali ku Joni, ukuyesa akukumbukira zidolezi?"

Lero ndine bambo wa ana, ndipo zambiri ndinakhululuka. Juniya ndinamukhululukira, sankadziwa kanthu. Koma Che Bwanali ayi. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kutchula dzina la Mulungu pamaso pa mwana, n'kudzagulitsa lumbirolo kuti wogula mpunga amwetulire! Akanatha kumutsegulira mlendoyo malo ena, inali ntchito ya batani limodzi. Anaona kuti chinthu cha mwana si chinthu. Akuluakulu ambiri amaganiza choncho, ndipo ndikamva wina akuti "ndi za ana izo" magazi amandithamangabe. Ine chilombo chija chikaima pa mlatho, ndinkadziwa kuti achimwene ali ndi ntchito yowadikira kuno. Chitagwa, ndinalibenso chowaitanira.

Ndinabwerera kunyumba mlomo utatupa, chigubu nditachiiwala. Abiti Jafali, amayi oyandikana nafe nyumba, anali pakhonde kupeta mpunga. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, lichero lili m'manja.

"Wapambana?" anafunsa.

Ndinapukuta fumbi kumaso, iwo n'kupitiriza.

"Mkulu wako waimba pa foni yangayi masana ano, koyamba chichokereni. Mayi ako alankhula naye. Ndinatuma mwana kuti akakuitane, wakupeza ukugubuduka m'fumbi ndi mwana wa eni ake. Sumani anadikira mpaka mayunitsi anamuthera. Amangoti, 'Twaibu wafika? Twaibu wafika?' Za chilombo chakocho sanatchule. Pita ukasambe."