Mphini pa Bondo la Mayi Nahache

Ntchito yanga yoyamba yolandira malipiro pamwezi ndinaipezera kutchalitchi. Ndinali m'gulu la amayi oyendera odwala kwathu ku Kaduya, aja timapita kukasesa, kutunga madzi ndi kusambitsa anthu amene alibe owasamala. Tsiku lina titaweruka, amayi abusa anandiitanira pambali n'kundiuza kuti bambo Lameki, mwana wa mayi Nahache amene amagwira ntchito ku Blantyre, akufuna munthu woti azikhala ndi mayi awo. Nthawi imeneyo bambo a ana anga anali atawolokera ku Mozambique osabwerako, ine n'kumadalira ganyu wopalira nandolo. Sindinadikire kuti anene kawiri.

Mayi Nahache anakalamba akugulitsa mpunga wa ku Chilwa. Anasiya malondawo mwendo wawo utatupa, kuchipatala n'kupeza kuti magazi aundana mumtsempha komanso kuti mtima wawo sugunda molongosoka. Anawapatsa mankhwala oletsa magazi kuundana otchedwa walifarini, oti azimwa moyo wawo wonse. Sabata yanga yoyamba bambo Lameki ananditengera kuchipatala ku Boma pamodzi ndi mayi awo, ndipo namwino anandikhazika pansi. "Mayi awa magazi awo sachedwa kutuluka, koma amachedwa kuleka," anatero. "Lezala ndi asipulini zisawayandikire. Mapiritsi musawasiyitse nokha. Mukaona chachilendo musadikire tsiku lawo lodzaonana ndi dokotala, bwerani nawo."

Anthu amaganiza kuti kusamala wodwala ndi kuphika phala basi. Ayi ndithu. Ine kukacha ndinkayamba ndi kuyang'ana m'kabekete kamene ankakodzeramo, kuona ngati mkodzo wasintha mtundu. Kenako nkhama, ndisanawapatse mswachi wofewa. Powasambitsa ndinkafufuza thupi lonse ngati patuluka mikwingwirima yopanda chifukwa. Tinali ndi makina a mabatire oyezera kuthamanga kwa magazi, aja umakulunga lamba pamkono n'kudina batani, komanso kachikwama ka magolovesi, thonje ndi bandeji. Zikhadabo ndinkawenga ndi chowengera, osati lezala ngati timachitira kumudzi. Ngakhale ndiwo zamasamba zinali ndi lamulo lake: nkhwani ndi mpiru azidya mlingo wofanana, osati lero mbale yodzaza mawa osalawa, chifukwa masamba amasokoneza mphamvu ya walifarini. Mwezi uliwonse tinkakwera kabaza kupita ku Boma kukayezetsa magazi. Mayiwo anali anthabwala, ankanditchula kuti apolisi awo, koma tinkagwirizana.

Mavuto anayamba bambo Lameki atawatengera ku Blantyre kwa dokotala wina, n'kubwera ndi mapiritsi atsopano, ang'onoang'ono. Akale aja anawatenga. Anati atsopanowa safuna kuyezetsa mwezi ndi mwezi, masamba adye mmene akufunira, bola azimwa pa nthawi ya chakudya. Kunena zoona ndinasangalala, chifukwa ulendo wa pakabaza unkawatopetsa.

Patapita masabata angapo anayamba kudandaula mawondo, kenako zigongono. Bondo lakumanja linatupa n'kumatentha ukaligwira. Munthu amene ankapeta yekha mpunga pakhonde anafika poti kudzuka pamkeka mpaka ndimunyamule m'khwapa, iye akuluma mano. Ndinaimbira bambo Lameki.

"Amake Chifundo, umenewo ndi ukalamba," anandiyankha choncho. "Mankhwalawo ndi amakono. Tsiku lawo likakwana ndibwera kudzawatenga."

Ndinawakumbutsa zimene namwino ananena, kuti tisamadikire tsiku. Ndinati ndikhoza kupita nawo ndekha ku Boma.

"Inu ndinakulembani yosamala, osati yoyeza. Musawatulutse pakhomo ine ndisananene."

Mawu amenewo mpaka lero amandipsetsa mtima. Ine sindinanene kuti ndi mapiritsi, ndikanadziwa bwanji? Chimene ndinkadziwa n'chakuti ululu unabwera mapiritsi atasintha, ndipo woyenera kuyankha funso limenelo anali kuchipatala, osati pafoni. Ndinaimbanso kangapo. Nthawi zina sankayankha, nthawi zina ankati ali pamsonkhano. Ine ndinkangoika nsalu yonyowa pabondopo, kutsamiritsa mwendo papilo ndi kuwapatsa panado amene namwino analoleza. Sizinkaphula kanthu.

Ndiye kunabwera bambo Mukhova, mchimwene wawo wa mayi Nahache. Kwathu kuno mchimwene ndiye mwinimbumba, amayang'anira alongo ake ndi ana awo, ndipo akanena iye nkhani yatha. Analisinika bondo lija ndi chala, mayiwo n'kubuula.

"Nyamakazi iyi. Ikufuna mphini," anatero, n'kupinda buluku kundionetsa timizere takuda tozungulira bondo lawo.

Mphini sindizinyoza. Inenso ndili nazo m'mbali mwa maso, ananditema ndili mwana chifukwa cha mutu. Amacheka khungu pang'onopang'ono ndi lezala n'kupakamo mankhwala akuda a mizu yootcha, ndipo kwa munthu wina timagazi timaleka asanamalize n'komwe kupaka. Koma mayi Nahache sanali munthu wina. Ndinagwada bwinobwino, n'kuwafotokozera zimene namwino ananena za lezala.

"Iwe ndiwe wantchito," anandiyankha osandiyang'ana. "Awa ndinabadwa nawo mimba imodzi."

Madzulo ndinaimbiranso bambo Lameki. Anaseka. "Amalume amangolankhula, satema. Musakangane nawo, ndi akuluakulu."

Tsiku lovutalo bambo Mukhova anafika m'mawa ndi akazi awo, ali ndi phava la nthochi, nkhope ili mwee. Za mphini sanatchuleko. Akazi awo anasuzumira m'chidebe n'kunena kuti ufa watha, ndipite kuchigayo, iwo akhala ndi alamu awo. Ufa unalidi utatha. Ndinawanong'oneza mayi Nahache kuti asalole aliyense kuwakhudza bondo, iwo n'kugwedeza mutu. Ndinasenza chimanga n'kunyamuka.

Pobwera dzuwa lili pamutu ndinapeza amayi oyandikana nafe ataima pakona pa nyumba, akusuzumira kuseri. Ndinadziwiratu. Kuseri mayi Nahache anali atagona pamkeka, bondo lakumanja litatemedwa kuzungulira konse. Chitenje chimene anamangapo chinali chitanyowa, china chili pambali chonyowa kale, magazi akuyenderera pamsongolo mpaka kuchidendene. Anali atathirapo phulusa, phulusalo n'kusanduka matope. Milomo yawo inali itayera, thukuta lili pamphumi, ndipo nditawaitana anayankha ngati munthu wa kutulo. Bambo Mukhova anali atagwada mbali inayo, lezala lili m'manja, akupinda chitenje kuti ayambe bondo lachiwiri.

"Akutuluka magazi oipa," anandiuza. "Asiye atuluke."

Thumba la ufa ndinangoliponya pansi. Ndinawagwira dzanja bambo aja, munthu wamkulu woti akhoza kundibereka, ndipo ndinaligwira zolimba. "Mukawakhudzanso ndikuwa kuti mudzi wonse umve kuti mukupha mlongo wanu," ndinatero, pamaso pa akazi awo ndi amayi onse aja. Lezala linagwa pamkeka. Anandiyang'ana ngati aona chilombo, koma anasuntha.

Ndinathamangira kachikwama kaja. Ndinavala magolovesi, n'kuika nsalu yoyera yopindapinda pamabalapo ndi kukanikiza ndi manja onse awiri. Ukakanikiza sutukula kuti uone ngati aleka. Nsalu ikanyowa umasanjikiza ina pamwamba, kenako umakulunga bandeji molimba. Mwendo ndinaukweza pathumba la ufa lija, chifukwa ndi lomwe linali pafupi. Ndinapempha mayi wina kuti athamangire kumsewu akaitane wa njinga yamoto. Ndinatenga kabokosi ka mapiritsi atsopano aja kuti akuchipatala akaone okha chimene mayiwa akumwa. Foni sindinaimbe. Ndikanaimba ndi dzanja liti?

Tinawakhazika pakati, woyendetsa kutsogolo, ine kumbuyo, mkono wina nditawakumbatira, dzanja lina lili pabondo. Njira yonse mpaka ku Boma ndinkawalankhulitsa, kuwafunsa mitengo ya mpunga ya kalekale, mayina a anzawo a kunyanja, chilichonse kuti asagone. Mantha anali atandigwira kwambiri. Ndinkangoganiza kuti akafera m'manja mwanga pamsewu, anthu adzati wantchito ndiye anawaba pakhomo.

Kuchipatala anatilandira msanga. Anatsuka phulusa lija, analetsa magazi, anawaika diripi n'kuwagoneka. Dokotala atapima bondo ndi kuwerenga kabokosi kaja, anati kutupa kuja kunali magazi amene ankatulukira m'kati mwa bondo momwemo. Za kuphwanya kwa zigongono anati mwina ndi mankhwala atsopanowo, mwina ndi china, ayeza magazi ndi impso n'kukambirana ndi amene anawalemba kuti aone ngati asinthe mlingo kapena mtundu. Kenako anandiyang'ana ine. "Bwenzi mutabwera nawo bondo litangoyamba kutupa," anatero. Sanandikalipire, ananena modekha. Koma mtima wanga unawira, chifukwa makutu oyenera kumva mawu amenewo anali ku Blantyre, pamsonkhano.

Bambo Lameki anafika mawa lake ndi jumbo ya zakumwa ndi mabisiketi. Anathokoza dokotala, anathokoza anamwino, anathokoza ngakhale wokolopa. Kenako anandiitanira pakhonde.

"Amalume adandaula kwambiri," anayamba choncho. "Akuti munawagwira dzanja pagulu, munawanena kuti ndi wakupha, ndiponso munatulutsa wodwala popanda chilolezo. Banja lagwirizana kuti mupume kaye."

Ndinawafunsa kuti kodi ndikanawasiya atemenso bondo linalo.

"Mukanandiimbira."

Ndikanawaimbira. Ine amene ndinaimba mpaka mayunitsi kutha, ine amene anandiuza kuti ananditenga kudzasamala osati kuyeza, ine amene anandiseka kuti amalume satema. Misozi inalengeza, koma sinali ya chisoni, inali ya ukali. Ndinaona kuti kwa iwo kunali kosavuta kuchotsa wantchito kusiyana ndi kuuza amalume awo kuti alakwa, kapena kudziuza okha. 

Ndinalowa m'wodi kukatsanzika. Mayi Nahache anali atamva kale. Anandikokera pafupi ndi dzanja lopanda diripi.

"Felista, usawade kwambiri achimwene," ananong'ona. "Ndinavomera ndekha. Ululu unandikwana, ndipo ndi iwo okha amene anabwera ndi chochita."

Mawuwo anandibaya, chifukwa anali oona. Munthu ukamusiya ndi ululu masabata onsewo n'kumamuuza kuti adikire tsiku, wobwera ndi lezala amaoneka ngati wachifundo. Kenako anamasula mfundo ya pakona pa chitenje chawo n'kundifumbatitsa kapaketi ka malezala otsala. Anali atakatola pamkeka paja ife tili piringupiringu, munthu woti milomo yayera kale.

"Akuti bondo lina latsala," anatero. "Kataye m'chimbudzi. Akagula ena ndikana ndekha, ndaona kuti n'zotheka kuwakaniza."

Kuyambira pamenepo ndagwira ntchito imeneyi m'makomo ena, kwa anthu a sitiroko, a shuga, ndi enanso akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana. Chimene ndinatengapo n'chakuti sindiyamba ntchito ndisanakhale pansi ndi banja lonse, ndipo ndimalimbikira kuti mwinimbumba akhalepo, osati wolipira yekha. Ndimawauza poyera kuti wodwala akasintha mankhwala n'kuyamba kumva chachilendo, kaya ndi mawondo, kaya ndi chizungulire, kaya nkhama zikutuluka magazi, ine ndinyamuka naye kupita kuchipatala ndipo foni ndidzaimba tili panjira. Ndimawauzanso za lezala, ndikuwaonetsa mphini zanga kuti asaganize kuti ndikunyoza zakwathu. Mabanja ena amati ndine wamwano n'kufuna wina. Ndimawasiya, ndipo sindidandaula.

Bambo Lameki sanandiitanenso, ndipo bambo Mukhova tikakumana pamsika amayang'ana kumbali. Mayi Nahache alipo. Mankhwala anawakonzera kuchipatala, kuphwanya kuja kunachepa, ndipo amafika kutchalitchi ndi ndodo. Tsiku lina titaweruka anandikodola kuseri kwa tchalitchi. Anayang'ana uku ndi uku ngati mtsikana, n'kukweza chitenje pang'ono. Bondo lakumanja linali ndi timizere take takuda kuzungulira. Lakumanzere linalibe ngakhale kamodzi.