Mpunga wa pa Manda a Tokuji

Tokuji Hamanaka anabwerako kunkhondo atamwalira kale. Boma linali litatumiza kwawo kabokosi koyera, akuti ndi mafupa ake, ndipo abale anakakwirira mwaulemu wonse, nadzikapo mwala wolembedwa dzina lake. Nthawi yonseyo mwini mafupa anali m'nkhalango za ku Burma, akudya mizu ndi achule.

Dziko la Japan linali litagonja. Potsika sitima yapamadzi, Tokuji anapeza asilikali a ku America ali pamagalimoto awo, akuponyera ana maswiti ngati akumwazira nkhuku chimanga. Mtima unamuwawa, koma anati bola kunyumba kuli Setsu, mkazi wake.

Setsu analikodi, ali ndi pakati. Munda sukanakhala wopanda mwamuna, choncho akuluakulu anali atauza Kanji, mng'ono wake wa Tokuji, kuti alowe chokolo.

Mayi ake a Tokuji anamulandirira pakhomo, osamugwira n'komwe.

"Mwanangu, ife tinakulira kale. Mudzi wonse unkatiweramira chifukwa cha imfa yako. Ndiye lero tiwauze chiyani anthu?"

"Muwauze kuti ndapepesa, mayi. Sindinafe."

"Achimwene, ine ndinangomvera akuluakulu," anatero Kanji, maso ali pansi.

Tokuji sanavule n'komwe nsapato kuti alowe m'nyumba. Anabwerera kutauni, napeza ntchito yotsuka mbale kumsasa wa asilikali omwe aja ankafuna kumupha. Ankadya makombo awo, n'kumawathokoza m'chinenero chawo. Mwala wa pamanda uja palibe anauzula. Mwana wakufa ankapatsa abale ake ulemu, wamoyoyu ankangowachititsa manyazi.

Itafika nyengo yokumbukira akufa, m'mwezi wa Ogasiti, anapita kukaona manda ake. Anapeza Setsu, khanda lili kumbuyo, akutsuka mwala uja. Atatha anaikapo kambale ka mpunga woyera. Masiku amenewo anthu ankagonera mbatata ndi masamba ake, mpunga woyera unkaoneka kumaloto basi.

"Setsu, ukudyetsa ndani? Ine ndili pano."

Mkaziyo sanacheuke.

"Ndakuonani, alamu. Koma kunyumba kuja mbale yanu kulibe. Pano pokha ndi pamene palibe angandiletse kukuphikirani."

Anaimirira, naweramira mwalawo, osati iye, n'kumapita.

Tokuji anadikira mpaka Setsu atazimiririka kuseri kwa nsungwi. Kenako anakhala pansi, natsamira dzina lake, n'kudya mpunga uja akulira, mofulumira, akhwangwala asanamulande.